Kupalasa njinga m'chisanu: thupi limadziwotha lokha

Mumzinda wa Oulu, kumpoto kwa dziko la Finland, chipale chofewa chimakuta nthaka kwa miyezi pafupifupi isanu pachaka, ndipo kuzizira kumatha kufika madigiri 20 kunsi kwa ziro. Komabe m'mawa uliwonse ana asukulu, apantchito ngakhale agogo amakwera njinga zakapalasa ulendo wa kutauni. Nkosadabwitsa kuti msonkhano woyamba wa Winter Cycling Congress unachitikira komweko mu 2013. Nanga matupi awo amapirira bwanji?

Chinsinsi chili m'minofu. Munthu akamapalasa, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a mphamvu zimene minofu ikugwiritsa ntchito ndi limene limayendetsa njinga. Zotsalazo zimasanduka kutentha. Nchifukwa chake wopalasa amayamba kumva kufunda pakangotha mphindi zochepa, pamene woima podikirira basi akungonjenjemera.

Vuto limabwera ndi thukuta. Wovala zochindikala mopitirira amatuluka thukuta, malaya nkunyowa, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga kwambiri kuposa mpweya. Akangoima pamaloboti, mphepo imamulowa mpaka m'mafupa. Ozolowera amavala zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza: chamkati cha ubweya kapena nsalu youma msanga, osati thonje limene limasunga chinyezi, ndipo chapamwamba chotchinga mphepo. Kutentha kwa m'thupi kukatsika kufika pansi pa madigiri 35, munthu amayamba kusokonezeka mutu ndi kulankhula mododa, ndipo pamenepo nkofunika kuthamangira naye kuchipatala.

Zala, makutu ndi mphuno ndizo zimayamba kulawa chisanu. Thupi likamva kuzizira limafinya mitsempha ya magazi ya pakhungu kuti liteteze mtima ndi ubongo. Zala zikachita dzanzi zimalephera kugwira bwino mabuleki, ndipo kukazizira koopsa khungu limatha kuundana nkuwonongeka. Magolovesi ndi kachipewa kovala mkati mwa chisoti si zamanyado ayi. Kufinyika kwa mitsemphaku kumakwezanso BP, choncho odwala mtima ayambe aonana ndi dokotala. Nawo a mphumu achenjere, chifukwa mpweya wozizira ndi wouma umabanikitsa. Kuphimba kamwa ndi sikafu kumathandiza kuti ufike m'mapapo utafundako.

Ngozi zenizeni, komabe, zimachokera pamsewu poterera ndi mumdima. Ku Oulu khonsolo imakonza njira za njinga m'mamawa anthu asananyamuke, nkusiya chipale chotsendereka chimene matayala amagwirapo bwino. Njirazi ndi zosiyana ndi za magalimoto ndipo zili ndi magetsi. Opalasa ena amaika matayala a timisomali oluma pamadzi oundana.

Phindu lopalasa njinga ndi loonekeratu. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pasabata, ndipo wopalasa kupita ndi kubwerera kuntchito amazikwanitsa osalipira kanthu.

Kwathu kuno chipale kulibe, koma mphepo ya June ku Dedza ndi ku Mzuzu, chiperoni cha ku Blantyre ndi chisanu cha m'mbandakucha ku Johannesburg zimagwira thupi mwa njira yomweyi. Akabaza ndi nonse olawirira panjinga, tetezani zala, vulani malaya onyowa mukangofika, ndipo musanyamuke opanda nyali.