Mawanga oyera m'kamwa: losapwetekalo ndiye lofunika kuliyeza

Dzino likatisowetsa tulo timathamangira kuchipatala, koma banga loyera pa lilime kapena mkati mwa tsaya ambiri timangolisiya poti silipweteka. Chonsecho, mwa mawanga otere, amene sapweteka ndiwo amadetsa nkhawa madokotala.

Ofala kwambiri amabwera ndi fangasi wotchedwa Candida, yemwe amakhala m'kamwa mwa anthu ambiri osavutitsa. Amachulukana mwa makanda, odwala shuga, omwe ali ndi HIV komanso amene amwa maantibayotiki nthawi yaitali. Mawangawa amaoneka ngati chambiko chomatirira, ndipo ukawapukuta ndi thonje amachoka, n'kusiya malo ofiira, mwina otuluka timagazi. Mankhwala a nystatin kapena fluconazole amathana nawo.

Palinso timizere toyera ta m'mbali mwa lilime, tosachoka ngakhale ukhule. Madokotala a ku San Francisco anatifotokoza koyamba mu 1984, ndipo timayamba ndi kachilombo ka Epstein-Barr chitetezo cha m'thupi chikatsika. N'chifukwa chake dokotala akaona timizereti amalangiza kukayezetsa HIV.

Lina ndi leukoplakia, banga losapukutika lomwe silingatchedwe matenda ena alionse. Limapezeka mwa anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse padziko lonse, makamaka abambo opitirira zaka 40 omwe amasuta fodya kapena kumuika m'kamwa. Mowa, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, umaonjezera chiopsezo. Ambiri mwa mawanga amenewa sasanduka khansa, koma ena amatero, makamaka a pansi pa lilime, a m'mbali mwake, ndi osakanikirana ndi zofiira.

Poyeza, dokotala amafunsa za fodya, mowa ndi mankhwala amene mukumwa. Kenako amaunika m'kamwa monse, kupukuta bangalo, kulikhudza ngati lalimba, ndi kugwira m'khosi kufufuza mwanabere. Akapeza dzino losweka lomwe likukhula tsaya, amalikonza n'kukuuzani kuti mubwerenso pakatha masabata 2. Banga likakhala lidakalipo, amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kudulapo kachidutswa kakang'ono kokaunika ku labotale. Maso okha sangasiyanitse banga wamba ndi khansa yongoyamba kumene. Yankho limachokera ku labotaleko.

Choncho banga lililonse lomwe latha masabata 2 osachoka, kalionetseni kwa dokotala wa mano kapena kuchipatala chapafupi, ngakhale mukudya bwinobwino. Khansa ya m'kamwa ikapezeka msanga, mwayi wochira umakhala waukulu.