Maganyu a pa Foni ku Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Fodya akapita ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza n'kutha kwa mavenda, ku Dowa ndi ku Ntchisi kumabwera miyezi imene wachinyamata amadzuka m'mawa alibe chogwira. Maganyu a nyengo imeneyi timawadziwa: kuumba njerwa, kusenza matumba pa Mponela tsiku la msika, kupalasa kabaza, kuthirira m'dimba la eni. Tsopano pabwera ena amene safuna khasu kapena njinga. Uthenga umangofika pa WhatsApp wakuti yankhani mafunso pa intaneti mulandire madola, kapena lembani ndemanga zoyamikira katundu mulipidwe tsiku lomwelo. Kwa mnyamata amene ali ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama koma ntchito palibe, mawu amenewa ndi okoma kumva, makamaka chigwereni kwacha mu November 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo dola imodzi inafika cha m'ma K1,700.

Ntchito yakeyo ilipodi, si nthano ayi. Makampani opanga katundu amafuna kudziwa maganizo a ogula, choncho amalemba ganyu makampani ochita kafukufuku, ndipo amenewa amasonkhanitsa anthu oyankha kudzera pa masamba monga Swagbucks, Toluna ndi YouGov. Woyankha salandira ndalama nthawi yomweyo. Amapatsidwa mapointi, ndipo mapointiwo akakwana mlingo woikika ndi pamene amasanduka ndalama ya pa PayPal kapena khadi logulira katundu ku Amazon. Koma asanayambe n'komwe, pamakhala mafunso osefera anthu. Mumakhala dziko liti? Mumalandira zingati pa chaka? Muli ndi galimoto? Munagula liti firiji? Munthu wa ku Malomo akayankha zoona, foni imangomuthokoza n'kumuuza kuti kafukufukuyo si womuyenera. Amene akufunidwa ndi wogula wa ku London kapena ku Chicago, chifukwa mtengo wa maganizo a munthu pa msika umenewu umayendera kulemera kwa thumba lake.

Ndinaziona ndi maso pa mwana wa mlongo wanga. Kwa masabata atatu ankati dzuwa likapendeka n'kukwera pa chulu chimene chili kumtunda kwa mudzi, pomwe netiweki imagwira bwino, kukayankha mafunso pa tsamba lina. Bandulo ankagula ndi ndalama ya soya wake, foni ankakatchajitsa pa okala ya sola chifukwa kwawoko magetsi a ESCOM sanafike. Mapointi ankakwera pang'onopang'ono, iye n'kumationetsa monyadira. Atatsala pang'ono kufika pa mlingo, tsambalo linamuuza kuti ayambe watumiza ndalama yotsegulira akaunti. Anatumiza. M'mawa mwake nambala ya eni tsambalo imene ankalankhula nayo inali itazima. Amayi ake anangoti, "Mwanawe, fodya wako ndi amene ali pamphuno." Iye sanayankhe, ndipo ineyo zinandiwawa kwambiri chifukwa sanachite zimenezo mwaulesi. Anagwira ntchito ndi mtima wonse, masiku onsewo.

Ngakhale tsamba litakhala loona, njira yoti ndalama ifike m'manja ndi yaitali. PayPal imafuna akaunti ya kubanki kapena khadi lake, pamene anthu ambiri a kuno banki yawo ndi ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money pa tsika. Khadi la Amazon silingagule sopo pa Madisi.

Kafukufuku wa pa foni amene amafunadi mayankho a Mmalawi ndi wa mtundu wina. Kampani ya ku America yotchedwa GeoPoll imatumiza mafunso pa SMS, ngakhale pa kafoni ka mabatani, ndipo woyankha amathokozedwa ndi mayunitsi. U-Report ya UNICEF imafunsa achinyamata maganizo awo koma silipira, ndipo sinamizira kuti imalipira. Zimenezi n'zachilungamo, koma palibe angaziyese ntchito yodyetsa banja.

Pa nkhani ya mafunsoyi, amene amadyerapo kwenikweni kuno ndi wofunsa. Maboma a Dowa ndi Ntchisi afunsidwa mafunso ochuluka zedi. Mu 2006, njala itavuta, bungwe la Concern Worldwide linayamba kugawa ndalama ku Dowa m'malo mwa chimanga, ndipo akafukufuku anabwera kudzafunsa mmene ndalamazo zinagwirira ntchito. Mu September 2018 a National Statistical Office anatumiza achinyamata khomo ndi khomo atanyamula matabuleti, ndipo anawerenga anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 317,000 ku Ntchisi. Pakati pa zaka zimenezi ndi pambuyo pake padutsa a zaumoyo, a zaulimi, a zamaphunziro, aliyense ndi mafunso ake.

Ntchito ya wofunsa ndi ya miyendo ndi ulemu. Amayamba wakaonekera kwa amfumu, chifukwa mlendo wongolowa m'mudzi ndi tabuleti anthu amamukayikira. Akafika pakhomo amaodira, amakhala pamphasa, n'kuyamba ndi moni wautali. "Agogo, tabwera kudzacheza nanu pang'ono za ulimi wa chaka chino." Agogowo amafunsa kaye kuti, "Kodi mukutilemba maina a makuponi?" Apa m'pamene pamaonekera wofunsa wabwino. Amanena zoona, kuti sanabwere ndi thandizo lililonse, ngakhale akudziwa kuti nkhope ya agogowo igwa. Kenako amafunika luso lomasulira funso lolembedwa mu ofesi ya mumzinda kuti limveke kwa munthu amene amayeza chimanga chake ndi ngolo kapena ndowa, osati makilogalamu. Tsiku likamatha wakwera ndi kutsika zitunda za ku Nthondo, batire latsala pang'ono, ndipo ayenera kufunafuna netiweki kuti atumize zimene walemba. Ntchitoyi ndi ya masabata owerengeka, malipiro nthawi zina amachedwa, koma ndi ndalama yeniyeni imene yalipirirapo ambiri fizi. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti magulu ambiri amabwera ndi ofunsa awo kuchokera ku Lilongwe kapena ku Zomba, achinyamata a konkuno odziwa njira ndi kalankhulidwe ka kwawo n'kumangoonerera galimoto zikudutsa.

Za kulemba ndemanga ndiye ndilibe nazo mawu okoma. Ndemanga yoona ndi ya mlendo amene wagona m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi n'kulemba pa Tripadvisor zimene waona, popanda womulipira. Yolipidwa ija kawirikawiri imakhala yakuti utamande nsapato imene sunavalepo kapena hotela imene sunapondeko. Kumeneko n'kugulitsa umboni wabodza, ndipo wopusitsidwayo ndi wogula mnzako. Mayiko ena ayamba kuthana nazo. Mu 2022 kampani ya Amazon inasumira oyendetsa magulu a pa Facebook oposa 10,000 amene ankachita malonda a ndemanga zabodza, ndipo mu 2024 boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zotere. Zikavuta, akaunti imene imayamba kutsekedwa ndi ya wolemba wamng'onoyo, pamodzi ndi ndalama zake zonse zimene anali asanatape.

Komabe mu Dowa momwemu muli anthu amene akupezadi ndalama pa intaneti, ndipo ali ku Dzaleka. Malowa anali ndende ya anthu andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Anakonzedwera anthu pafupifupi 10,000, koma lero mukukhala oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi mayiko ena. Malamulo sawalola kukagwira ntchito momasuka kunja kwa msasa, ndipo mu 2023 boma linabwezera komweko ambiri amene anali m'matauni. Munda alibe, tsono ena anaona kuti khomo lotsala ndi kompyuta. Remy Gakwaya, wochokera ku Burundi, anayambitsa TakenoLAB n'kumaphunzitsa anzake kulemba mapulogalamu a kompyuta zipangizo zili zochepa kwambiri. Mu 2017 UNHCR ndi Microsoft anatsegula malo ophunzirira kupanga mapulogalamu otchedwa AppFactory mumsasamo, ndipo pambuyo pake Jesuit Refugee Service pamodzi ndi bungwe la ku France lotchedwa Konexio anayamba kuphunzitsa achinyamata kupeza maganyu pa masamba monga Upwork. Kumeneko munthu amalipidwa chifukwa cha luso: kulowetsa manambala mu kompyuta, kulemba mawu ojambulidwa, kumasulira pakati pa Chifalansa, Chiswahili ndi Chingerezi, kukonza zithunzi. Wolemba ganyu safunsa ngati uli ndi firiji. Amayang'ana ngati ntchito yatha bwino ndiponso pa nthawi yake.

Nakonso si kosalala. Mu 2023 magazini ya Time inaulula kuti antchito a ku Kenya amene ankasefa nkhani zonyansa pothandiza kukonza ChatGPT ankalandira zosakwana madola 2 pa ola, ndipo mu March 2024 tsamba la Remotasks linatsekera Akenya mwadzidzidzi. Bwana amene sumuona akhoza kukuchotsa popanda kukuyang'ana kumaso. Koma wa luso akatsekeredwa khomo limodzi luso lake amapita nalo kwina, pamene mwana wa mlongo wanga anatsika pa chulu paja chimanjamanja.

Inu achinyamata a ku Mvera, ku Nambuma, ku Malomo ndi ku Kansonga, aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti mulembedwe ganyu, musamutumizire ngakhale tambala, ndipo chithunzi cha chitupa chanu cha unzika kapena nambala yachinsinsi ya Mpamba musapatse munthu wosamudziwa. Ndipo inu a makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, pitani ku Dzaleka mukaone mmene chipinda chimodzi chokhala ndi sola, makompyuta ndi mphunzitsi chikugwirira ntchito, kenako mutitsegulire zotere pa Mponela ndi pa boma la Ntchisi.