Anthu Amene Atsegulira Katundu Njira

Lero ndifuna kukamba za anthu amene simuwaona kawiri-kawiri, koma popanda iwo mkuwa umene mukumba sungafike kwa ougula. Anthuwa achedwa maajenti a katundu, ndipo ambiri ali ndi maofesi ao ku Livingstone.

Dziko la Zambia liribe doko pa nyanja yamcere. Cifukwa cace mkuwa wocokera ku Kitwe, popita ku doko la Durban, kawiri-kawiri udzera ku Livingstone. Kumeneko uoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls, womangidwa m'caka ca 1905, kulowa m'Zimbabwe, kapena pa mlatho wa Kazungula, wotsegulidwa mu May 2021, kulowa m'Botswana. Mlatho wa Kazungula usanamangidwe, malori anali kulindira bwato masiku ambiri.

Ajenti alibe sitima yace-yace. Nchito yace ndi kusankha njira, kupangana mtengo ndi eni malori ndi eni sitima za pamadzi, ndi kulemba makalata onena za katunduyo: mtundu wace, kulemera kwace, mtengo wace ndi kumene acokera. Makalatawa awatumiza pa kompyuta kwa a Zambia Revenue Authority, amene ayang'anira msonkho wa pa malire. Asamalanso kalata ya sitima, pakuti popanda iyo a ku doko sapereka katundu kwa munthu ali yense. Nambala imodzi ikalakwika, lori iima pa malire, ndipo tsiku liri lonse mwini katundu alipira ndalama zoonjezera.

Njira ikatsekeka, ajenti ayenera kupeza yina msanga. Pamene malire a Rhodesia anatsekedwa mu January 1973, mkuwa unayamba kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Lobito, ndipo njanji ya kum'mwera sinatsegukenso kufikira 1978.

Tsono inu amene mwasunga ndalama zaka zambiri kuti muitanitse galimoto ku Japan, cenjerani. Musanapereke ndalama, funsani ajentiyo akuonetseni cilolezo cace ca boma. Pemphani kuti alembe mitengo yonse pa pepala, ndipo msonkho ukalipidwa tengani risiti m'manja mwanu. Tsalani bwino.