Walira Super League walira dizilo

Abale anga okonda mpira, pali masamu ena amene timawaiwala tikamavina kuti timu yathu yakwera. Timawerenga zigoli ndi mapointi, koma palibe amene amatenga cholembera n'kuwerenga makilomita. Lero ndati tiwerengere limodzi, ndipo chitsanzo changa ndi Rumphi United.

Timuyi idapambana ligi ya chigawo cha Kumpoto, ija inkatchedwa Simso, ndipo mu 2022 idalowa mu Super League, yomwe panthawiyo inkathandizidwa ndi kampani ya TNM. Idakwera limodzi ndi Dedza Dynamos ya Pakati komanso Sable Farming ya Kummwera. Kwa anthu a ku Rumphi idali nkhani yaikulu zedi. Munthu wa ku Bolero kapena ku Mhuju, amene Bullets ndi Wanderers ankangozimvera pa wailesi, adali ndi chiyembekezo choziona ndi maso kwawo konko. Koma chaka chomwecho chisanathe, Rumphi United idali itatsika, kubwerera komwe idachokera.

Timu ikatsika, zifukwa sizisowa pabawo ndi m'minibasi. Wina aloza kochi, wina oimbira, wina ati anyamata ngosakhwima. Mwina zina n'zoona. Koma ine ndikuti timu yaing'ono ngati imeneyi imayamba kugonjera pamsewu wa M1, isanafike n'komwe pabwalo.

Taonani masamu ake. Chaka chimenecho muligi mudali matimu 16, kutanthauza masewero 30 timu iliyonse, 15 pakhomo ndi 15 koyenda. Matimu a Kumpoto adalipo anayi okha: Moyale Barracks, Ekwendeni Hammers, Karonga United ndi Rumphi United yomweyo. Ndiye kuti pa masewero 15 akoyenda, atatu okha ndiwo adali m'chigawo chawo. Otsala 12 adali Pakati ndi Kummwera.

Kuchoka pa boma la Rumphi kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 700. Mutuluke pa Njakwa, mukhote pa Bwengu, mudutse Mzuzu, mukwere Chikangawa, Jenda, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu mpaka Zalewa, ndiye muzikaona Blantyre. Kupita ndi kubwera, makilomita oposa 1,400 chifukwa cha mphindi 90 za mpira. Anthu oposa 20 akwere basi, agone, adye. Okonza ndondomeko ya masewero nthawi zina amaphatikiza masewero awiri paulendo umodzi kuti dizilo apepuke. Thumba limapumako ndithu, koma miyendo ya anyamata ndiyo imalipira.

Tsono kumbukirani kuti 2022 chidali chaka chotani. Mu May kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu June mtengo wa petulo udafika K1,999 pa lita. Chakumapeto kwa chaka tonse tidaona mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta. Inu amalonda amene mumakaoda katundu ku Tunduma kapena ku Limbe mukudziwa momwe mpamba udasungunukira chaka chimenecho. Nanga timu yodalira zopereka za anthu akufuna kwabwino ikadapirira bwanji?

Ndipo onani amene imalimbana nawo. Silver Strikers kumbuyo kwake kuli banki yaikulu ya Reserve. Blue Eagles ndi ya apolisi. Kamuzu Barracks, Moyale, Red Lions ndi Mafco ndi za asilikali. Civil Service United ndi ya boma. Osewera ambiri m'matimu a asilikali ndi apolisi ali pantchito, mwezi ukatha amalandira, kaya awina kaya agonja. Mnyamata wa timu ya m'mudzi amalowa m'bwalo akuganiza za lendi ndi za ufa. Za pachipata nazo musazidalire kwambiri. Apolisi ndi alonda akalipidwa, zotsalazo zimagawidwa: mwini bwalo ndi a Sulom, onse atapepo. Pokhapokha kubwere Bullets kapena Wanderers, zimene timu imatenga sizingafikitse basi ngakhale pa Jenda.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ifenso tikamalira Super League tizidziwa kuti tikulira dizilo.

Kodi ndiye kuti boma ngati la Rumphi lisakhale ndi mpira wolongosoka? Iyayi. Ndikupatseni chitsanzo cha kutali, kwa anthu amene ndalama si vuto lawo loyamba. Ku America kuli masewero a baseball, aja omenya kampira kolimba ndi chibonga n'kumathamanga mozungulira. Kuli ligi yaikulu ya mamiliyoni, koma kulinso tiligi ting'onoting'ono todziimira patokha, tosalumikizana ndi matimu akuluakulu. Ina mwa izo idali Pacific Association ya ku California. Mu 2015 mudali matimu anayi okha: Sonoma Stompers, San Rafael Pacifics, Vallejo Admirals ndi Pittsburg Diamonds. Onsewa adali moyandikana, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto. Pa miyezi itatu timu iliyonse inkasewera masewero oposa 70, n'kumakumana ndi adani omwewomwewo mobwerezabwereza. Malipiro adali ochepa kwambiri moti osewera ankagona m'makomo mwa mabanja a m'tauniyo, amene ankawasunga ngati ana awo.

Chaka chimenecho alembi awiri, Ben Lindbergh ndi Sam Miller, adapatsidwa mphamvu yosankha osewera a Stompers pogwiritsa ntchito masamu, ndipo adalemba buku la zimene adaona, lomwe lidatuluka mu 2016. Chondisangalatsa ine si masamu awowo. Ndi kuona kuti ngakhale m'dziko lolemera, ligi yaing'ono imadulidwa molingana ndi nsalu: matimu oyandikana, nyengo yaifupi, osewera osungidwa ndi anthu a m'deralo. Muligi yotereyi mulibe zoti timu ikwere. Amene amakwera ndi wosewera, akaonedwa ndi matimu akuluakulu. Ndipo musaganize kuti kumeneko n'kumwamba: ligi imeneyi idasewera komaliza mu 2019. Ngati ligi ya maulendo a ola limodzi ikhoza kugwa, kuli bwanji timu ya maulendo a tsiku lathunthu?

Phunziro lake kwa ife nali. Ligi ya m'boma tisamaione ngati chipinda chodikiriramo, pomwe aliyense maso ali pakhomo lolowera ku Super League. Ikhale ligi yokoma payokha. Rumphi ali ndi malo okwanira: pa boma, Bolero, Hewe, Mhuju, Phwezi, Livingstonia ndi Chiweta kunyanja. Masewero a Bolero ndi a pa boma akhoza kudzaza bwalo popanda wina kugona kulojingi. Ndipo nyengo yake ilipo kale. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu April, ndipo m'miyezi yotsatira alimi a ku Nkhamanga ndi m'chigwa cha Henga amakhala ndi kangachepe m'thumba, mvula italeka, misewu ikuyendeka. Nthawi yogulitsa matikiti ndi imeneyo.

Inu amalonda, apa ndipo pali gawo lanu. Thandizo lathu lazolowera kukhala la tsiku limodzi: bwana wina aimirira pabwalo, alonjeza ndalama pamaso pa anthu, manja aombedwa, basi kwatha. Choposa apo ndi amalonda makumi angapo kugwirizana kupereka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, monga timachitira ndi chipereganyu kapena banki mkhonde. Amene alibe ndalama koma ali ndi chipinda, asunge mnyamata mmodzi wochokera ku Hewe. Wachigayo apereke ufa. Mutu umodzi susenza denga.

Inu ophunzira, timu si ya osewera okha. Ine sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira, koma ndidatolako chimodzi: ndalama yosalembedwa imamera miyendo. Matimu athu ang'onoang'ono akusowa munthu wolemba zolowa ndi zotuluka, n'kuzimata pakhoma kuti wopereka aliyense aone. Akusowanso munthu wolemba mgwirizano ndi wosewera aliyense ndi kumulembetsa moyenera. Popanda pepala, mnyamata amene mwamulera zaka zitatu adzatengedwa ndi timu ya m'tauni, inu osapatsidwa ngakhale mpira umodzi. Pepala likakhalapo, kugulitsa wosewera mmodzi kukhoza kuyendetsa timu kwa miyezi. Katundu weniweni wa timu yaing'ono ndi ameneyo.

A FAM nawo amve. Mu 2025 adayambitsa National Division League mothandizidwa ndi NBS Bank, kuti pakati pa maligi a m'zigawo ndi ligi yaikulu pakhale sitepe. Ganizoli ndi labwino, koma nayonso ndi ligi ya dziko lonse, ndiye kuti msewu uja wayamba kudya matimu asanafike n'komwe pamwamba. Ndalama za othandiza zikamagawidwa, aziyamba ayang'ana mapu. Timu yoyenda makilomita 700 ndi timu yoyenda makilomita 70 sizingalandire mofanana n'kumati chilungamo chachitika.

Sindikuti Rumphi asalotenso za Super League. Alote ndithu, ndipo tsiku lina adzabwereramo. Koma tsiku limenelo, tisanayambe kuimba malipenga, komiti idzatiwerengere poyera kuti masewero akoyenda ndi angati, dizilo wake ndi wa ndalama zingati, ndipo adzalipire ndani. Yankho likadzasowa, tidzakhala tikutumanso ana a eni ake kukachita manyazi ku Blantyre ndi njala m'mimba.