Mankhwala ndi aulere, koma kudwazika matenda kuli ndi mtengo wake

Kuyambira m'chaka cha 2004, mankhwala a ma ARV amaperekedwa mwaulere m'zipatala za dziko lino, ndi thandizo la thumba la Global Fund komanso maiko ena. N'chifukwa chake lero anthu ambiri amene ali ndi kachilombo ka HIV akulima, akupha nsomba ndi kuchita malonda ngati wina aliyense. Koma munthu akadwala mpaka kugona, pamafunika wina womusambitsa, womuphikira phala, womuchapira ndi womuperekeza kuchipatala. Wodwazika matendayu salipidwa, ndipo tsiku lililonse lomwe ali pambali pa wodwala ntchito yake imaima. Tiyeni tione zomwe iye amataya, makamaka kuno ku Mangochi ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Kodi amadwazika matenda ndani?

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2004 anapeza kuti m'boma la Mangochi pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachilombo ka HIV. Zaka zimenezo zipatala zinkadzaza, ndipo odwala ambiri ankasamalidwa kunyumba ndi abale awo mothandizidwa ndi magulu ongodzipereka a m'mipingo ndi m'mizikiti.

Lero zinthu zinasintha ndipo imfa zinachepa kwambiri. Kafukufuku wina wa m'zaka za 2020 ndi 2021 anaonetsa kuti m'dziko lonse akuluakulu pafupifupi 9 mwa 100 alionse ali ndi kachilomboka, ndipo ambiri mwa iwo ali pa mankhwala. Komabe kudwazika sikunathe. Alipo amene amachedwa kukayezetsa, alipo amene amasiyira mankhwala panjira, ndipo amenewa amagwidwa ndi chifuwa chachikulu cha TB, matenda oumitsa khosi kapena khansa. Alipo ena amene akhala pa ma ARV zaka zambiri ndipo tsopano akukalamba, ena akudwala shuga, kuthamanga kwa magazi kapena kufa ziwalo.

Kawirikawiri ntchito yodwazikayi imagwera amayi: mkazi wa wodwalayo, mayi ake, mchemwali wake, agogo, kapena mwana wamkazi. Kuno ku Mangochi abambo ambiri amakhala ali ku Joni kapena kumadoko akutali kukapha nsomba, choncho amene ali pakhomo ndiye amasenza zonse.

Nanga ndalama zimapita kuti?

Choyamba ndi mayendedwe. Wodwala kwambiri sayenda yekha, ndiye kuti ndalama ya kabaza kapena ya galimoto imakhala ya anthu awiri. Kuchokera ku Makanjira kukafika pa chipatala chachikulu cha pa boma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo ulendowu umavuta nthawi ya dzinja. Wodwala akatumizidwa ku Zomba kapena ku Blantyre, ndalama zimachulukiranso.

Chachiwiri ndi kukhala kuchipatala. Gadiyani amafuna ufa, ndiwo, nkhuni ndi sopo, pomwe kunyumba ana nawonso akufuna chakudya. M'zipatala za mishoni ma ARV ndi aulere, koma thandizo lina limalipiridwa. Mitengo ya zinthu nayo inakwera kwambiri pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Ndalama zikatha, banja limayamba kugulitsa mbuzi, njinga, ukonde, ngakhale bwato. Ena amatenga katapila. Zogulitsidwazi ndi zomwe banjalo limapezera chakudya, motero ngakhale wodwala atachira, umphawi umatsalira pakhomo.

Ntchito yomwe imaima

Mtengo waukulu kuposa yonse ndi masiku a ntchito omwe wodwazika amataya.

Taganizirani mlimi. Chimanga sichidikira munthu. Mayi akakhala kuchipatala masabata atatu mu December kapena January, nthawi yopalira ndi kuthira feteleza imadutsa, ndipo udzu umamaliza munda. Matenda a mwezi umodzi amasanduka njala ya chaka chathunthu. Miyezi yomweyi ndi imenenso ganyu amapezeka, ndipo wodwazika sangapiteko.

Taganiziraninso mayi wa geni ya usipa. Iye amayenera kufika padoko m'mamawa pamene asodzi akukocheza, kuyanika usipawo pathandala, kuuteteza ku mvula, kenako kupita nawo kumsika, mwina mpaka ku Limbe. Akasowa padoko sabata ziwiri, msodzi amene amamugulitsa nsomba amapeza makasitomala ena, ndipo mpamba umakhala utapita ku thiransipoti ndi chakudya cha wodwala. Apa ndi pomwe ngozi ina imayambira. Mayi wopanda mpamba amatha kukakamizidwa kugonana ndi asodzi kuti apatsidwe nsomba pangongole, mchitidwe womwe umafalitsa kachilombo ka HIV m'madoko athu. Tikuona apa kuti umphawi wobwera ndi matenda umabalanso matenda ena.

Amene ali pa ntchito yolembedwa, monga m'malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi ku Nkopola, m'masitolo kapena m'masukulu, nawonso amavutika. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapereka tchuthi kwa wantchito amene wadwala yekha: akagwira chaka chathunthu, amaloledwa masabata anayi akulandira malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu akulandira theka. Tchuthichi si cha wodwazika m'bale wake. Iye amangodalira chifundo cha bwana, ndipo akajomba kawirikawiri ntchito imatha.

Ana aakazi ndi amene amalipira kwa nthawi yaitali. Mtsikana akasiya sukulu kuti aziphika ndi kulera azing'ono ake pamene mayi ali kuchipatala, nthawi zambiri sabwereranso m'kalasi. Ena amathera m'banja asanakwane zaka 18, zomwe malamulo a dziko lino amaletsa. Mwayi wake wodzapeza ntchito yabwino umathera pomwepo.

Tingachitepo chiyani?

Njira yoyamba ndi kupewa kudwala mpaka kugona. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV nthawi yomweyo osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Munthu amene wayezetsa msanga ndipo akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku safuna gadiyani. Amene akupeza bwino angathe kufunsa achipatala za kulandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi kuti maulendo achepe. Asodzi ndi onse opita kutali, musanyamuke opanda mankhwala okwanira ndi buku lanu lakuchipatala.

Chachiwiri, tigawane ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Achibale akhale pansi n'kugwirizana masiku osinthana, kuti mayi apeze mpata wopita kumunda kapena kudoko. Abambo ndi anyamata angathe kutunga madzi, kuphika ndi kugona kuchipatala. Amene ali ku Joni, potumiza ndalama ya wodwala akumbukirenso ya waganyu wopalira munda wa wodwazika.

Chachitatu, tigwiritse ntchito thandizo lomwe lilipo. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, imathandiza mabanja osaukitsitsa omwe alibe anthu amphamvu zogwira ntchito. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma ndi alangizi a zaumoyo angatiuze momwe mabanja amasankhidwira. Magulu a banki mkhonde asunge kathumba ka zadzidzidzi kuti membala wodwazika asadye mpamba wake. Magulu a anthu omwe ali ndi kachilombo, monga a NAPHAM, amalimbikitsa odwala ndi owasamalira omwe.

M'chaka cha 2025 boma la America linachepetsa thandizo lake ku maiko akunja, ndipo ntchito zina zolimbana ndi Edzi m'midzi zinasokonekera. Izi zikutiuza kuti udindo waukulu uli m'manja mwathu. Mafumu, mashehe, abusa, makomiti a m'madoko ndi olemba anthu ntchito, pamene mukuzonda wodwala funsaninso za amene akumudwazika. Kodi munda wake wapaliridwa? Kodi geni yake ikuyenda? Kodi mwana wake wapita kusukulu lero?