Mzimu Woyera ndi Mizimu ya Makolo

Amishoni oyamba, pomasulira chiphunzitso cha Eklezia m'chinenero chathu, anafunafuna liwu lotchulira Wachitatu mu Utatu Woyera. M'Chihebri Malembo amati ruah, m'Chigriki pneuma, ndipo mawu onse awiriwa amanena za mphepo kapena mpweya. Iwo anasankha liwu loti mzimu, koma liwuli linali kale ndi tanthauzo lake. Kwa makolo athu mzimu ndi wa mbale amene anatisiya, amene amayang'anira mbumba yake, amalankhula kumaloto, ndipo akaiwalidwa amatha kugwetsa matenda. Tsono mkhristu akamva kuti pa Ulimbitso adzalandira Mzimu, kodi mumtima mwake amayembekezera chiyani?

Tisafulumire kudandaula nalo liwuli. Munthu woleredwa m'chikhulupiriro cha makolo savutika kumvetsa kuti wosaoneka angathe kukhala pafupi, kulangiza ndi kuteteza. Monga anaphunzitsira Tomasi Woyera wa ku Aquino, chaulere cha Mulungu sichifafaniza chibadwa, chimachikonza ndi kuchikwaniritsa. Komabe pali kusiyana kumene ife ansembe tiyenera kukufotokoza poyera.

Choyamba, mizimu ndi zolengedwa, pamene Mzimu Woyera ndi Mulungu. Izi Eklezia anazitsimikiza pa Msonkhano wa ku Constantinople m'chaka cha 381, potsutsa amene ankamuyesa wolengedwa. Chifukwa chake sapepesedwa ndi ufa kapena mowa, ndipo sagulidwa. Simoni wa ku Samariya anayesa kupereka ndalama kuti alandire mphamvuyi, Petro anamudzudzula kolimba (Ntchito 8).

Chachiwiri, mzimu wa kholo umasamala a magazi ake okha, za mlendo ulibe nazo kanthu. Koma pa Pentekoste anthu ochokera ku Mesopotamiya, ku Ejipito ndi ku Roma anamva uthenga aliyense m'chinenero chake (Ntchito 2). Mzimu sanathetse zinenerozo, anazisonkhanitsa. Parishi imene Mchewa, Mlomwe ndi Mtumbuka akulephera kusankhira pamodzi atsogoleri ikumvetsa chisoni Mzimu, ngakhale iziimba mokoma chotani.

Chachitatu, wogwidwa ndi mizimu amataya nzeru zake, ndipo zikatha sakumbukira zimene ananena. Mzimu Woyera salanda munthu ufulu, amamuunikira kuti adziwe chabwino ndi kuchisankha yekha. N'chifukwa chake Paulo Woyera analamula Akorinto kuti pamsonkhano azilankhula mosinthana ndi molongosoka (1 Akorinto 14), ndipo kwa Agalatiya anatchula kudziletsa pakati pa zipatso za Mzimu. Kunjenjemera kapena kugwa pansi si umboni wokwanira. Umboni ndi mlamu amene wakana kulanda katundu wa mayi wamasiye ngakhale abale ake akumukakamiza.

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican (1962-1965) unatikumbutsa kuti Mzimu amagawa mphatso zake kwa akhristu onse, osati kwa odzozedwa okha. Aepiskopi a AMECEA, m'zaka za 1973 ndi 1976, anayala maganizo a miphakati pa maziko omwewa. Choncho pokonzekeretsa ana ku Ulimbitso tisakhutire poona kuti aloweza mphatso zisanu ndi ziwiri. Tiwafunse zimene amaopa usiku, timve bwino, kenaka tiwauze za Mzimu amene Ambuye Yesu anamutcha Nkhoswe, amene sabwera kudzalipiritsa mlandu koma kudzatiimirira pamaso pa Atate.