Amakanika obwezera injini zakale m'mavaneti

Pansi pa mtengo wa mango, chapafupi ndi msewu wochoka ku Chipata kupita ku Mfuwe, aimika mapolo atatu a bulugamu n'kuwamanga pamodzi kumwamba. Pamenepo pakulendewera tcheni, ndipo kutcheniko kukulendewera injini yakuda bii, Toyota 3L. Pansi pake pali Hilux yovula boneti, mwana weniweni poyerekeza ndi injini imene ikulowamo. Masipanaboyi awiri akutsitsa tcheni pang'onopang'ono, mkulu wawo ali chagada pakatoni, akukuwa kuti aikankhire kumanzere.

Mlendo angaone ngati misala, kuchotsa chatsopano n'kuikamo chakale. Koma alimi a ku Chiparamba, amene vaneti imawanyamulira feteleza mu Novembala, mabelo a fodya ndi matumba a soya ikatha mvula, mwinanso wodwala pakati pa usiku, ali ndi masamu awo.

Ma Hilux amene anayamba kutuluka mu 2005 anabwera ndi injini za D-4D, ya malita 2.5 yotchedwa 2KD ndi ya malita 3.0 yotchedwa 1KD. N'zamphamvu, sizimwa mafuta ambiri, utsi ndi wochepa. Vuto lake n'zosankha zakudya. Dizilo amalowa mwamphamvu zedi kudzera m'timabowo tonga tsitsi, ndipo zonse zimalamulidwa ndi kompyuta. Tsono kumudzi dizilo amabwera m'chigubu, nthawi zina chimene dzulo chinatunga madzi. Kadontho ka madzi kapena kamchenga kakadutsa pa fyuluta, mainjekita amatha. Galimoto ija imangoti zii pabwalo, nkhuku n'kuyamba kuikira pansi pake, kudikira munthu wa makina oyezera wochokera m'tauni, kapena zipangizo za ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500.

Injini zakale zilibe matama otere. Toyota 2L, 3L ndi 5L, Nissan TD27 ndi QD32, Isuzu 4JA1 ndi 4JB1, zambiri mwa izo pampu yake imayenda popanda kompyuta. Waya mmodzi wopita ku pampu ndiye amatsegula ndi kutseka mafuta. Batire ikafooka, anyamata anayi akakankha pamtsetse yalira. TD27 amaikonda pa chifukwa chinanso: mkati mwake zitsulo zimayenderana ndi magiya, palibe lamba woti n'kuduka uli pakati pa dambo. Makanika wodziwa amangotchera khutu, kununkhiza utsi, n'kukuuza pamene pali matenda.

Ntchitoyi si ya munthu mmodzi. Woyamba ndi wogulitsa injini zotsika kale m'magalimoto a ku Japan, zimene zimadzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Kenako makanika amayesa ngati injiniyo ingagwirane ndi giyabokosi. Ikakana, amagula ziwiri zonse pamodzi. Wowotcherera amadula ndi kusuntha mamauntini, n'kupinda paipi ya utsi kuti ipeze njira. Iyeyu ndiye amadikira magetsi, ndipo masiku ozimazima aja ntchito ya tsiku limodzi imadya sabata. Wa mapampu amakhala m'tauni ndi makina ake, salola fumbi m'chipinda chake, ndipo ndalama zake sanenerera.

Amene eni magalimoto amakonda kumunyalanyaza ndi wa mawaya, ndipo apa m'pamene ine ndimadandaula. Injini ikangolira, mwini wake mtima umakhala uli kale kumunda. Za mawotchi a kutsogolo kwa dalaivala amati tidzaona. Chonsecho wotchi yosonyeza kutentha ikakhala yakufa, paipi ya madzi n'kuphulika vaneti ili ndi matumba 20 pachitunda, dalaivala amadziwa mochedwa. Mutu wa injini wang'aluka, ndalama za fodya wa chaka chonse zapita ndi nthunzi.

Palinso zina zimene makanika woona mtima amaneneratu. Injini yakale pachitunda imafuna giya yotsika ndi kuleza mtima. Utsi wake wakuda amaupuma ndi ana okhala kumbuyo. Ndipo nambala ya injini iyenera kusinthidwa m'buku la galimoto ku bungwe loona za magalimoto la RTSA. Wogula injini yopanda mapepala angapezeke akufotokozera apolisi za katundu wakuba amene sanamudziwe n'komwe.

Kwa mlimi amene galimoto yake imagona kumudzi n'kumamwa za m'chigubu, ine ndimati kusinthaku n'kwanzeru. Kwa woyenda pa tara amene amathira pa filingi siteshoni, phindu lake likuchepa, makamaka chiyambire 2023 pamene paipi ya TAZAMA inayamba kubweretsa dizilo wa salifa wochepa. Komanso injini zakalezi sizikuberekana. Zambiri zimene zikufika lero zapitirira zaka 20, ndipo mtunda umene zinayenda amaudziwa ndi Mulungu yekha.

Pamango paja, mmodzi wa masipanaboyi ali ndi kachipangizo kamene amalumikiza pansi pa chiwongolero, foni n'kumamuwerengera matenda a injini za kompyuta. Mkulu wake amamuseka kuti akuombeza maula. Koma 2KD imene aichotsa mu Hilux ija sanaitaye: aikutira pepala lapulasitiki, aiika pa tayala kuseri kwa shedi, ndipo mnyamatayo wauza kale abwana ake kuti aliyense wofuna kuigula ayambe waonana ndi iye.